Momwe mungayambitsire magazini ya nyimbo ku Chipata ndi kuisamala kuti ikule

Chigawo cha Kum'mawa cha Zambia sichisowa oimba. Muli makwaya a m'mipingo amene amajambula zimbale chaka ndi chaka, muli achinyamata amene ali ndi timasitudiyo m'makomboni monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika, muli magulu ovina ngoma, chimtali ndi nsongwe, komanso nkhalamba za kumidzi zimene zikadaimba kalimba, bangwe ndi kaligo. Chimene chikusowa ndi cholembedwa. Nyimbo imamveka pa Breeze FM kapena pa Radio Maria, imafala pa WhatsApp kwa milungu ingapo, ndipo pakangopita zaka ziwiri palibe amene anganene motsimikiza kuti anaipeka ndani, gitala anaimba ndani, kapena inajambulidwa chaka chiti. Munthu amene akufuna kuyambitsa magazini ya nyimbo kuno ayenera kudziwa kuyambira pachiyambi kuti sangapikisane ndi foni pa liwiro la nkhani. Mphamvu yake ili pa kulemba molondola zinthu zimene foni imaiwala, ndi kutuluka pa nthawi imene analonjeza.

Zimene mbiri ikutiphunzitsa

Kulemba za nyimbo ndi za wailesi m'dziko muno si chinthu chatsopano. Wailesi yotchipa ija ya Saucepan Special itayamba kugulitsidwa mu 1949, nyumba youlutsira mawu ya Central African Broadcasting Service ya ku Lusaka, kumene Alick Nkhata ankagwira ntchito ndi kuimba, inapeza omvera ambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1950 omverawo ankawatulutsira magazini yotchedwa African Listener. Izi zisanachitike kunali kale nyuzipepala ya Mutende, imene inayamba mu 1936 ndipo inali ndi nkhani za m'zinenero za kuno, kuphatikizapo Chinyanja. Pambuyo pake anthu a chigawo chino ankawerenga Nkhani za Kum'mawa, kenaka Tsopano. Zofalitsa zonsezi zinkayenda ndi ndalama za boma, ndipo apa ndi pamene pali kusiyana ndi inu: magazini yanu idzayenera kudzidyetsa yokha kuyambira kope loyamba.

Phunziro lina likuchokera ku nyimbo za Zamrock, rock ya ku Zambia ya m'ma 1970, nthawi imene Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'dziko muno. Magulu monga WITCH, Musi-O-Tunya, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anatulutsa zimbale zambiri kudzera ku Teal Record Company ndi Zambia Music Parlour ku Ndola. Mtengo wa kopa utagwa, chuma chinasokonekera, malonda a zimbale anazilala, ndipo m'zaka zotsatira oimba ambiri a m'badwo umenewo anamwalira. Pamene kampani ya ku America ya Now-Again Records inayamba kutulutsanso nyimbozi patapita zaka zoposa 30, mbiri yake inachita kutoleredwa kuchokera kwa otsala ochepa monga Emmanuel Jagari Chanda ndi Rikki Ililonga, komanso pa zikuto za zimbale ndi m'nyuzipepala zakale. Ngati nyimbo za ku Lusaka ndi ku Copperbelt, kumene kunali atolankhani ndi makampani, zinatsala pang'ono kutayika motere, za ku Chadiza ndi ku Vubwi zingatayike mosavuta koposa.

Kusankha malire, chinenero ndi nyengo

Musanagule pepala kapena kufunsa mitengo kwa osindikiza, khalani pansi ndi anzanu awiri kapena atatu ndipo mulembe m'chiganizo chimodzi chimene magaziniyo idzalemba ndi chimene sidzalemba. Ine ndingalangize kuti malire akhale chigawo cha Kum'mawa, kuyambira ku Nyimba mpaka ku Chama, pamodzi ndi oimba ochokera kuno amene akukhala kwina. Nkhani za oimba otchuka a ku Lusaka zili kale paliponse pa intaneti, ndipo munthu sangatulutse ndalama kuti awerenge zimene waona kale pa Facebook. Adzatulutsa ndalama akaona kwaya ya kumpingo kwawo, mwana wa mlongo wake amene wajambula nyimbo yoyamba, kapena mbiri ya Lazarus Tembo, woimba wosaona uja amene anadzakhala nduna m'boma la Kaunda, italembedwa bwino m'chinenero chake. Tsamba limodzi lokha mungalisiyire nyimbo za ku Malawi, popeza Lilongwe ili pafupi ndi Chipata kuposa Lusaka, ndipo nyimbo za malemu Lucius Banda kapena za Black Missionaries zimadziwika kuno ngati zakwathu.

Nkhani ya kalembedwe muimalize tsiku lomwelo. Malamulo a kalembedwe amene Unduna wa Zamaphunziro wa Zambia unavomereza mu 1977 amagwiritsa ntchito chilembo c chokha pamene a ku Malawi amalemba ch, kotero kuti ana a sukulu kuno amaphunzira kulemba cifukwa pamene tsidya lina la malire a Mwami amalemba chifukwa. Njira zonse ziwiri n'zomveka kwa owerenga, koma kuzisakaniza m'tsamba limodzi kumaonetsa kusasamala. Sankhani imodzi, muilembe pa pepala la malangizo limene wolemba aliyense adzalandira, pamodzi ndi kalembedwe ka mayina a malo, a magule ndi a zoimbira. Mawu a woimba wa Chinsenga kapena wa Chitumbuka asiyeni m'chinenero chake ndi kuwamasulira pansi pake, osati kuwasandutsa Chichewa ngati kuti ndi mmene anayankhulira.

Oyamba kumene ambiri amalonjeza kutulutsa magazini mwezi uliwonse, ndipo amafooka pa kope lachitatu. Kanayi pa chaka n'kokwanira, makamaka mukatsata kalendala ya chigawo chino. Kope loyamba la chaka lituluke N'cwala isanachitike ku Mtenguleni, kumene Angoni a Nkhosi ya Makhosi Mpezeni amasonkhana Loweruka lomaliza la February. Lachiwiri lituluke mu May kapena June, pamene alimi ayamba kugulitsa mtedza, soya, thonje ndi fodya ndipo ndalama zayamba kuyenda. Lachitatu likonzedwere Kulamba, Loweruka lomaliza la August ku Mkaika m'boma la Katete, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakapereka ulemu kwa mfumu yawo yaikulu, Kalonga Gawa Undi. Pamenepa mungagulitse makope ambiri kuposa tsiku lina lililonse, ndipo otsala mungapite nawo ku Tuwimba ya Ansenga ku Petauke mu October. Lachinayi ndi la December, nyengo ya makwaya ndi maukwati. Kope la mwambo lifike m'manja mwanu kudakali milungu iwiri, chifukwa likachedwa ndi tsiku limodzi lokha msika wake watha.

Za malamulo

Izi sizitenga nthawi yaitali, koma musazidumphe. Dzina la bizinesi mukalembetse ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani, ndipo mutenge nambala ya msonkho ya TPIN ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, popeza kampani iliyonse yolongosoka imene ingafune kutsatsa malonda idzafunsa zimenezi isanalipire. Lamulo la Printed Publications Act, lomwe ndi mutu 161 wa malamulo a Zambia, limafuna kuti chosindikizidwa chionetse dzina ndi keyala ya wosindikiza ndi wofalitsa, kuti kope liperekedwe ku National Archives, nyumba ya boma yosungira zolembedwa ku Lusaka, komanso kuti nyuzipepala ilembetsedwe kumeneko isanayambe kutuluka. Kambiranani nawo musanasindikize kope loyamba. Mawu a nyimbo ali ndi mwiniwake malinga ndi lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994, choncho musasindikize nyimbo yathunthu popanda chilolezo cholembedwa cha amene anaipeka. Dziwanani ndi a ZAMCOPS, amene amatolera ndalama za umwini wa nyimbo, a Zambia Association of Musicians ndi a National Arts Council, chifukwa owerenga anu ambiri ndi oimba amene sadziwa kuti nyimbo imalembetsedwa bwanji, ndipo tsamba lofotokoza zimenezi lidzawathandiza kuposa chithunzi chilichonse.

Kutola nkhani

Pano ndi pamene magazini imakhalira kapena kufera, choncho tikhalitsepo. Tiyerekeze kuti mwamva za nkhalamba ina yoimba kaligo m'mudzi wina wa ku Katete. Musangofika ndi kamera pakhosi. Tumizani uthenga kudakali masiku, ndipo mukafika yambani mwaonekera kwa anyakwawa, mufotokoze kumene mwachokera ndi chimene mwadzera, kuti akupatseni munthu wokuperekezani. Pakhomo pa mwini nkhani odirani, khalani pamene akuonetsani, ndipo malonje athe bwinobwino foni ili m'thumba. Mukatero pemphani momveka: "Agogo, tikupempha kuti tijambule mawu anu ndi chithunzi chanu, ndipo zimene mutiuze tidzazisindikiza kuti anthu awerenge. Kodi mukulola?" Yankho lawo lilowe m'chojambuliracho, ndipo musanafunse china chilichonse nenani nokha tsiku, mudzi, mfumu ya dera ndi dzina lonse la woyankhulayo. Masekondi ochepa amenewa ndi amene adzapatse phindu chojambulacho pakapita zaka 20.

Mafunso akhale a zinthu zogwirika. Mukafunsa kuti nyimbo zimatanthauza chiyani pa moyo wawo mudzalandira yankho limene aliyense angapereke. Funsani kuti anawaphunzitsa ndani, chikopa cha pa kaligoyo n'cha nyama yanji, chingwe amachitenga kuti, nyimbo imeneyi inkaimbidwa pa mowa, pa maliro kapena pa chinamwali, ndipo ndani wina m'deralo amene ankaimba bwino kuposa iwo. Funso lomalizali limatsegula nkhani zambiri, ndipo limakupatsani mayina a anthu ena oti mukawafunefune. Akuluakulu ambiri satchula zaka ndi manambala koma ndi zochitika, monga chaka cha ufulu, nthawi imene Fort Jameson inasinthidwa dzina kukhala Chipata, kapena chaka cha chilala cha 1992, ndipo ntchito yosandutsa zimenezi kukhala zaka ndi yanu mukabwerera. Akakhala chete musathamangire kufunsa lina. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Foni muiike pafupi ndi pakamwa pawo, kutali ndi mphepo, ndi kutali ndi chigayo ngati chili pafupi. Magaziniyo ikatuluka, kope limodzi libwerere kumudziko. Amene amaiwala zimenezi amapeza khomo lotseka ulendo wachiwiri, ndipo amatsekeranso ena obwera m'mbuyo mwawo.

Gule wamkulu amafuna kusamala kwapadera. Bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 monga chuma cha chikhalidwe cha anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma kuzindikiridwa kumeneko sikunachotse mwambo wake. Mungalembe za kaombedwe ka mbalule, za nyimbo zimene amayi amavomereza pabwalo, ndi za phunziro limene chilombo chilichonse chimapereka kwa oonerera. Za kudambwe si za m'magazini, ndipo kutchula dzina la munthu kuti ndiye anavina ndi mlandu umene ungathetse ubale wanu ndi mudzi wonse. Chithunzi chijambulidwe ndi chilolezo cha akuluakulu a bwalo, ndipo nkhaniyo iwerengedwe ndi munthu wodziwa mwambo isanapite kosindikiza. Chimodzimodzi ndi vimbuza ku Lundazi, kumene kuvina kumakhudza matenda a munthu, komanso nyimbo za m'nyumba ya chinamwali.

Makwaya musawaone ngati nkhani yodzazira tsamba. Kuimba kwa m'tchalitchi kuno kuli ndi mizu yakuya, kuyambira pamene amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, ndipo mipingo ya Reformed Church in Zambia, Katolika, Anglican ku Msoro ndi Seventh-day Adventist ku Mwami iliyonse ili ndi kaimbidwe kakekake koyenera kulembedwa. Palinso phindu la malonda limene siliyenera kubisidwa: kwaya ya anthu 40 ikajambulidwa bwino, mayina onse n'kulembedwa molondola pansi pa chithunzi, ndiye kuti mwapeza mabanja 40 ofuna kope. Dzina limodzi likalakwika, mwiniwake sadzakukhululukirani msanga, choncho mlembi wa kwayayo alembe yekha mayinawo motsatira mmene anthu aimira, kuchokera kumanzere.

Kwa oimba a masiku ano, chimbale chilichonse kapena nyimbo iliyonse imene mukuiunika ikhale ndi kabokosi kotchula wopeka, woimba, wokonza nyimbo mu situdiyo, oimba zida, malo ndi mwezi umene inatuluka. Zimenezi n'zimene zinkalembedwa pa zikuto za zimbale ndi makaseti, ndipo zinasowa pamene nyimbo zinayamba kuyenda pa memori khadi. Pounika nenani zoona mwaulemu. Kungolemba kuti nyimbo ndi yabwino sikuthandiza aliyense; nenani kuti mawu akumira pansi pa ng'oma, kapena kuti ndime yachiwiri ikungobwereza yoyamba, kapena kuti woimbayo watenga kaimbidwe ka makewane ka a Sakala Brothers ndi Angela Nyirenda n'kukapititsa kwina. Mu mzinda ngati Chipata mudzakumana naye woimbayo ku Down Shops mawa lake, ndipo zimene munalemba ziyenera kukhala zoti mungathe kuzinena mukumuyang'ana m'maso.

Posakhalitsa wina adzabwera ndi envelopu kuti aikidwe pachikuto. Konzekeranitu yankho. Woimba ali ndi ufulu wogula malo otsatsira chimbale chake monga mmene wa sitolo amagulira, koma pamwamba pa tsambalo palembedwe kuti ndi malonda, ndipo chikuto ndi ndemanga za mkonzi zisagulitsidwe. Owerenga a kuno amadziwana, ndipo zikangomveka kamodzi kuti chikuto chili ndi mtengo, palibe adzakhulupirirenso chiyamikiro chanu ngakhale chitakhala choona. Mphekesera za maukwati ndi ngongole za oimba zisiyeni. Zimagulitsa kope limodzi koma zingakutengereni kukhoti pa mlandu woipitsa mbiri ya munthu. Ngati mukufuna mndandanda wa nyimbo khumi zotchuka, fotokozani pansi pake mmene mwaupezera, mwachitsanzo pofunsa oulutsa mawu a mawailesi a m'maboma osiyanasiyana, anyamata olowetsa nyimbo m'mafoni pamsika, ndi oimbitsa nyimbo pa maukwati, ndipo njirayo isasinthesinthe.

Kukonza masamba ndi kusindikiza

Magazini yomangidwa ndi mawaya awiri pakati imapangidwa ndi mapepala opindidwa, ndipo pepala lililonse la A3 likapindidwa limapereka masamba anayi a A4. N'chifukwa chake chiwerengero cha masamba chiyenera kugawika ndi 4: masamba 12, 16, 20 kapena 24. Yambani ndi 16. Tengani mapepala anayi opanda kanthu, muwapinde pamodzi, mulembe manambala kuyambira 1 mpaka 16, kenaka muwamasule. Mudzaona kuti tsamba 1 lili pa pepala limodzi ndi tsamba 16, kuseri kwake kuli 2 ndi 15, ndipo 8 ndi 9 okha ndi amene ali moyandikana pakatikati. Kachitsanzo kameneka kakuuzani pamene mungaike mitundu mosawononga ndalama: pepala lakunja ndi lapakati likhale la mitundu, ena awiriwo akhale akuda ndi oyera, ndipo chithunzi chachikulu cha kwaya kapena cha impi za pa N'cwala chipite pa 8 ndi 9 pamene sichingaduke.

Zithunzi zimafuna madontho 300 pa inchi kuti zioneke bwino pa pepala. Chithunzi chimene chatumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimafinyidwa, ndipo ngakhale chioneke chowala pa foni chimatuluka chosaoneka bwino, choncho uzani oimba kuti azitumiza ngati dokyumenti. Pulogalamu ya Scribus ndi yaulere ndipo imakwanitsa ntchito yonse yoyala masamba. Ena amakonda Canva, koma imadalira intaneti. Wosindikiza mumufunse mtengo wa makope 200, 300 ndi 500, chifukwa pa makina a digito mtengo wa kope sutsika kwenikweni, pamene pa makina akuluakulu a mapuleti umatsika makope akachuluka. Mukafuna kusindikiza ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 550 pa msewu wa Great East, wonkhetsani ndi mtengo wa katundu pa basi ndi masiku a panjira. Musalole kuti asindikize zonse musanaone kope limodzi loyesera ndi kulisainira. Liwerengedwe mokweza ndi munthu amene sanalembe nawo, popeza diso la mwini nkhani limaona zimene ankafuna kulemba osati zimene zili pa pepala. Kumbukiraninso kuti magetsi amathima, monga tinaonera mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, ndiye tsiku lopereka ntchito kwa wosindikiza likhale ndi mpata wokwanira.

Kope la pa foni likhale PDF yopepuka, yoti munthu wa bandulo yochepa angathe kuitsitsa. Mulitulutse patapita milungu itatu kapena inayi kuchokera pamene la pepala latuluka, chifukwa likangolowa m'gulu limodzi la WhatsApp lafika paliponse ndipo simungaligulitsenso.

Ndalama

Lamulo lake n'losavuta kunena koma n'lovuta kusunga: otsatsa malonda alipire mtengo wosindikizira, ndipo ndalama za makope ogulitsidwa zilipire maulendo, olemba ndi kope lotsatira. Mwa masamba 16, anayi angakhale a malonda. Musadikire makampani akuluakulu a mafoni, amene zosankha zawo zimapangidwa ku Lusaka ndipo amafuna kuona kaye kuti mwakhalitsa. Yambani ndi masitudiyo, obwereketsa zokuzira mawu ndi matenti, malo ogona alendo, ogulitsa zipangizo za ulimi, masukulu a anthu wamba ndi osoka zovala za makwaya. Tsamba limodzi muligawe m'timabokosi 8 kuti ngakhale wometa tsitsi akwanitse. Theka la ndalama lilipiridwe musanasindikize, ndipo aliyense alandire lisiti ndi kope lake m'manja.

Pogulitsa, wogulitsa aliyense apatsidwe makope owerengeka ndipo asainire m'kabuku: tsiku, chiwerengero chimene watenga, gawo lake pa kope lililonse, ndi tsiku lobweza otsala. Yambani ndi makope khumi pa munthu, ndipo muwonjezere kwa amene wabweza ndalama pa nthawi yake. Malo abwino ndi pa siteshoni ya mabasi, ku Saturday Market ndi ku Kapata, pa zipata za matchalitchi Lamlungu ndi Loweruka mutapempha kwa akuluampingo, komanso pa makonsati. A m'maboma akutali angatumize ndalama pa Airtel Money kapena MTN, koma nambalayo ikhale ya magazini osati ya m'thumba mwa mkonzi, chifukwa magulu ambiri a abwenzi amapasuka pa nkhani yosadziwa kuti ndalama ya ndiwo ndi iti, ya pepala ndi iti. Ndi mawailesi a m'madera, monga Chikaya ku Lundazi kapena Mphangwe ku Katete, mungasinthane: iwo akulengezereni kope latsopano, inu muwasindikizire ndondomeko ya mapulogalamu awo a nyimbo.

Kukula, ndi kusunga mbiri ya magaziniyo

Musawonjezere masamba kapena makope chifukwa chakuti anthu akuyamikira. Wonjezerani pamene makope atatu otsatizana atha osabwerako ambiri ndipo otsatsa malonda ayamba kubwera okha. Ndipo choyamba kukula chisakhale pepala koma dera: pezani mtolankhani mmodzi wodalirika ku Petauke, wina ku Lundazi, wina ku Mambwe, amene nthawi zambiri amakhala mphunzitsi kapena wa pa wailesi ya m'deralo, ndipo muzimulipira kangachepe pa nkhani iliyonse mosaphonya. Zinthu monga konsati ya pachaka kapena mphotho za oimba zidikire mpaka chaka chachitatu, chifukwa zimadya ndalama ndi nthawi, ndipo zikalephereka manyazi ake amagwera magaziniyo. Phunzitsani munthu wachiwiri ntchito iliyonse, makamaka yoyala masamba ndi yosunga mabuku a ndalama, kuti mkonzi akasamutsidwa kapena akadwala kope lisaime.

Kuyambira kope loyamba, patulani makope asanu amene sadzagulitsidwa ngakhale wina atachonderera, ndipo muwasunge m'malo awiri osiyana, pouma, kutali ndi chiswe. Limodzi lipite ku National Archives monga lamulo likunenera, ndipo ndi bwino kupatsanso laibulale ya sukulu kapena ya koleji ya aphunzitsi ya kuno. Mawu ojambulidwa ndi zithunzi zisungidwe pa mahadi diraivi awiri, fayilo iliyonse itapatsidwa dzina loyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenaka dzina la woimba ndi malo. Hugh Tracey, wofufuza nyimbo za mu Africa amene anakhazikitsa International Library of African Music mu 1954 ndipo anagwirapo ntchito ndi Alick Nkhata, ankalemba dzina la woimba, chinenero, malo ndi chaka pa nyimbo zimene ankajambula m'mayiko ngati Zambia ndi Malawi, ndipo ndi zolemba zimenezo zimene zimathandiza ofufuza ku Rhodes University ya ku South Africa, kumene laibulaleyo ili lero, kudziwa kwawo kwa nyimbo iliyonse.

Mukhalenso ndi buku limodzi lachikuto cholimba la magazini yeniyeniyo. Pa kope lililonse lembanimo tsiku limene linatuluka, amene analemba ndi kujambula, kumene linasindikizidwa, makope angati, mtengo wake, angati anagulidwa ndi kuti, otsatsa malonda anali ndani, ndi madandaulo amene analandiridwa pamodzi ndi mmene munawakonzera. Mukafika pa kope lakhumi, konzani mlozera wa mayina onse a oimba, magulu, midzi ndi nyimbo zimene zatchulidwa, motsatira alifabeti, ndi nambala ya kope ndi tsamba, ndipo muusindikize pa masamba awiri omaliza. Ntchitoyi imapepuka ngati munthu mmodzi amalowetsa mayinawo mu kompyuta mlungu womwewo umene kope latuluka, m'malo modikira kuti aunjikane.